Zowola za mumsika zipite ku kompositi kapena ku mphutsi? Thandizo pa kafukufuku

Nachisale
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa ntchito ya zinyalala. Kafukufuku wanga ndi wa digiri yachiwiri, mutu wake ndi wa circular economy: zowola za mumsika wa mumzinda, m'malo mozitutira ku mtaya monga wa ku Area 38 ku Lilongwe kapena ku Mzedi ku Blantyre, zibwerere kumunda ndi kukhola. Njira zoti ziyerekezedwe ndi ziwiri, kupanga kompositi ndi kuweta mphutsi za ntchentche yotchedwa black soldier fly zodyetsa nkhuku. Nthawi ndi miyezi 9, ndalama ndi zochepa. Ndiyambe kuyeza chiyani, nanga ntchito zotere zimakonda kulakwikira pati?

aMbewe
Achemwali, musanagule beseni ngakhale limodzi, pezani sikelo yabwino. Kafukufuku wotere amaima pa chinthu chimodzi: kilogalamu iliyonse yolowa idziwike kumene yathera.

Yambani ndi chilolezo cha khonsolo ndi cha komiti ya msika, kuphatikizapo cha komiti ya yunivesite yoona malamulo a kafukufuku, popeza mudzafunsa mavenda mafunso. Mukatero yezani zinyalala masiku 8 otsatizana. Za tsiku loyamba musaziwerengere, mumakhala zogonera za masiku am'mbuyo. Tsiku lililonse thirani mulu pa lona, sakanizani ndi fosholo, gawani panayi, chotsani magawo awiri oyang'anizana, otsalawo sakanizaninso ndi kugawanso mpaka mutatsala ndi makilogalamu pafupifupi 100. Amenewo ndiye musankhe ndi manja, mutavala magolovesi ndi magambuti: masamba, zipatso, zotsala za nsomba ndi nyama, makoko ndi udzu wolongedzera, mapepala, majumbo, mabotolo, zitsulo, mabatire, dothi. Gulu lililonse pa sikelo.

Muchite kawiri, m'dzinja ndi m'chilimwe. Msika wa mu Disembala, mango ali mbwee, ndi wosiyana kwambiri ndi wa mu Ogasiti.

aGama
Ndiwonjezere pa mawu a a Mbewe, chifukwa apa ndi pamene malipoti ambiri amasokonekera. Kulemera kwa zinyalala zonyowa kumanamiza. Tomato ndi kabichi ndi madzi kuposa magawo 90 pa 100 alionse. Mukatola tomato woola wa makilogalamu 100, chenicheni chouma chimene mwatola ndi makilogalamu 6 kapena chapomwepo. Ndiye wina amalemba kuti mphutsi zachepetsa zinyalala ndi 80 peresenti, chonsecho zambiri zimene zachokazo ndi madzi amene angotsika pansi kapena kuuma.

Gulu lililonse tenganiko magalamu 200 mpaka 500, umitsani mu uvuni wa mulabu pa madigiri 105 kwa maola 24, yezani, bwezeraninso mu uvuni mpaka kulemera kutasiya kusintha. Zoti mukayeze nayitirojeni ziumitsidwe padera pa madigiri 60, apo ayi amoniya amathawa ndipo chiwerengero chimatsika. Kenako otchani pang'ono pa madigiri 550 kuti mudziwe phulusa. Misika yathu yambiri ndi yapadothi, wosesa amakokolola ndi mchenga womwe. Phulusa likachuluka, dziwani kuti mukunyamula mchenga, ndipo mchenga sudyetsa mphutsi, sudyetsanso chimanga.

Masamu anu onse a zolowa ndi zotuluka akhale a zouma. A zonyowa muwasunge owerengera mtengo wa mayendedwe okha.

Nabanda
Zonsezo ndi zoona, koma ine ndikufuna ndikubwezeni pang'ono m'mbuyo, mayi Nachisale. Mutu wanu ukuganiza kuti zinyalalazo zilibe mwini. Khalani pamsika kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka madzulo, mungoyang'ana ndi kulemba. Masamba akunja a kabichi amatengedwa ndi oweta nkhumba ndi akalulu, ena amalipira ndithu. Mabotolo apulasitiki amatoledwa n'kukagulitsidwa kwa a thobwa ndi a mafuta ophikira oyeza. Zitsulo zili ndi ogula ake. Gaga wa pachigayo si chinyalala konse, ali ndi mtengo. Zimene zimafika mu bini ya khonsolo ndi zokhazo zimene aliyense wazikana.

Mukatenga masamba amene amadyetsa kale nkhumba n'kuwapatsa mphutsi kuti mphutsizo zidyetse nkhuku, mwatalikitsa njira, mwataya chakudya china panjirapo, ndiponso mwalanda munthu pomwe amapezera. Choncho m'buku mwanu mukhale mizere iwiri: zotuluka pa benchi la wogulitsa, ndi zofika mu bini. Kusiyana kwa ziwirizo ndi zimene anthu akuzungulitsa kale popanda pulojekiti, ndipo kumeneko kokha ndi nkhani yoyenera kulembedwa.

Chachiwiri. Cholinga 12.3 pa zolinga za chitukuko chokhazikika za United Nations chimanena zochepetsa ndi theka chakudya chotayidwa pofika 2030, komanso kuchepetsa choonongeka panjira kuchokera kumunda. Tomato wochokera ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Jenda amabwera m'madengu akuluakulu osanjikizana pa lole, wapansi amafika atapsinjika. Tomato amene sanaphwanyike ali ndi phindu kuposa kompositi aliyense amene mungapange kuchokera kwa iye. Ngati nthawi ilipo, yezani madengu 10 ndi makireti apulasitiki 10 a ulendo umodzi, muwerenge oonongeka m'chilichonse. Musaiwale kufunsa amene adzalipire kubweza makireti opanda kanthu, pakuti pamenepo ndi pomwe ogulitsa amakanira.

Nachisale
Zikomo mayi, za mizere iwirizo ndazitenga. Za makireti ndikuopa kuti zikulitsa mutu, koma mafunso ake ndiwaika. Nanga za mphutsi zenizenizo, muyeso wake ndi wotani?

aJere
Ntchentche yake ndi Hermetia illucens, yakuda, yotalikirapo, siluma, ndipo ikakula sifuna chakudya, imangomwa madzi, n'chifukwa chake sivutitsa m'nyumba ngati ntchentche wamba. Yaikazi imaikira mazira 400 mpaka 800 m'ming'alu youma pafupi ndi zowola, osati pa zowolapo. Ndiye mumamanga timatabwa topyapyala ndi mphira, kusiya kampata kakang'ono pakati, kapena kudula zidutswa za katoni, n'kuziika pamwamba pa chidebe cha zowola zonunkha. Mazira amaswa pakatha masiku 4. Timphutsi tongoswa kumene musatiponye pa zinyalala. Tiyambe tadya gaga wonyowa kapena chakudya cha anapiye chothira madzi kwa masiku 5.

Muyeso umene ambiri amayambirapo ndi wa bungwe la kafukufuku la Eawag la ku Switzerland, umene anauyesa ku Sidoarjo m'dziko la Indonesia: beseni la masentimita 40 kwa 60, timphutsi 10,000 ta masiku 5, zinyalala zonyowa makilogalamu 15. Simuthira zonse kamodzi. Makilogalamu 5 tsiku loyamba, 5 tsiku lachisanu, 5 tsiku lachisanu ndi chitatu, kukolola pakatha masiku 12, mphutsi zisanayambe kuda. Powerenga timphutsi simuwerenga tonse. Tapani magalamu awiri katatu, werengani, pezani chiwerengero cha pa galamu, kenako muzingoyeza pa sikelo.

Zinyalala zidulidwe tizidutswa tosaposa sentimita imodzi kapena ziwiri, chinyezi chikhale 70 mpaka 80 peresenti, kutentha madigiri 24 mpaka 30.

Tsopano zimene zimalakwika. Chachikulu ndi madzi. Tomato ndi masamba okhaokha zimasanduka phala lamadzi, mpweya sulowa, beseni limanunkha zowawasa, ndipo m'mawa mumapeza mphutsi zakwera m'mbali zili mbalambanda pansi. Khetsani madzi mu thumba usiku umodzi, kapena sakanizani ndi zouma monga gaga kapena masese otsala pofulula mowa. Chakudya chisakhuthale kuposa masentimita 5, chapansi sichidyedwa, chimangovunda. Linthumbu ndi nyerere zingathe kumaliza mazira onse usiku umodzi, choncho miyendo ya thandala iime m'zitini za madzi othira sopo pang'ono. Makoswe amafuna waya. Ntchentche wamba zimalanda beseni ngati timphutsi tanu tachepa kapena tachedwa kuikidwa.

China chimene anthu sachiganizira ndi mankhwala opopera. Kafukufuku anaonetsa kuti cypermethrin ndi spinosad amapha kapena kupinimbiritsa mphutsizi. Masamba opoperedwa masiku ochepa asanathyoledwe angathe kukupherani beseni lonse, inu n'kumaganiza kuti vuto ndi chinyezi. Beseni likafa mwadzidzidzi, sungani chakudya chake mu firiji kuti chikayezedwe.

aGama
A Jere, nanga kuzizira? Lilongwe mu Juni ndi Julaye usiku umatsika mpaka pansi pa madigiri 10.

aJere
Mphutsi sizifa, koma zimachepetsa kudya, ndipo masiku 12 aja amatha kufika 20 kapena kuposa. Zikachulukana zimatulutsa kutentha zokha, ndiye m'chisanu yandikizani mabeseni ndi kufunda ndi ziguduli, kusiya polowera mpweya. Vuto lenileni lili ku ntchentche zazikulu. Zimakwerana pokhapokha pali kuwala kwa dzuwa ndi kutentha, kukazizira mazira amasowa. Khola la neti liikidwe polandira dzuwa la m'mawa, lotchingidwa ku mphepo ya mwera, mkati muli nsalu yonyowa yoti zizimwapo. Ku Salima, ku Mangochi ndi ku Chikwawa ndi zosemphana: mu Okutobala beseni limatentha mopyola, pamenepo mumachepetsa mphutsi pa beseni ndi kutalikitsa mabeseni.

aMbewe
Kompositi ndi wosavuta kuposa pamenepa, koma naye ali ndi malamulo ake. Zowola za mumsika zili ndi nayitirojeni wambiri ndi madzi ambiri, kaboni wochepa. Mukufuna kaboni magawo 25 mpaka 30 pa gawo limodzi la nayitirojeni. Poyambira, wilibala imodzi ya zamumsika muisakanize ndi wilibala imodzi kapena ziwiri za zouma: mapesi odulidwa, makoko a mtedza, udzu. Utuchi muthire pang'ono chabe, umachedwa kuwola ndipo umamanga nayitirojeni.

Mulu ukhale wa mita imodzi ndi theka m'lifupi, kutalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Ukachepa pamenepo sugwira kutentha. Chinyezi 50 mpaka 60 peresenti: mukafinya m'manja chigwirane, patuluke dontho limodzi kapena awiri. Madzi akachucha, onjezani zouma. Chikamwazika mukatsegula dzanja, wazani madzi.

Yezani kutentha tsiku lililonse malo atatu, choyezera chilowe masentimita 50. Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65 m'masiku ochepa oyamba. Kuti majeremusi ndi njere za udzu zife, muyeso wodziwika wa milu yotembenuza ndi madigiri 55 kwa masiku 15, mukutembenuza kasanu m'masiku amenewo, zakunja zilowe mkati. Ukapyola 70 tembenuzani msanga, tizilombo towoletsa timayamba kufa. Fungo la mazira owola likutanthauza madzi ambiri ndi kusowa mpweya. Fungo la mkodzo likutanthauza zobiriwira zachuluka ndipo nayitirojeni wanu akuuluka. M'dzinja mulu ufunika denga kapena lona, m'chilimwe ufunika madzi, ndipo madziwo muziwayeza ndi kuwalemba chifukwa mumzinda amagulidwa.

Kupsa musaweruze ndi maso okha. Pakatha milungu 10 mpaka 12 sungunulani magalamu 10 m'mamililita 100 a madzi, khutchumulani ola limodzi, sefani, nyowetsani pepala, ikanipo njere 20 za mpiru. Pepala lina linyowetsedwe ndi madzi okha. Pakatha masiku atatu werengani zomera ndi kuyeza mizu. Zikachepera 80 peresenti poyerekeza ndi za madzi okha, sanapse, adzawotcha mbande za mlimi.

Nabanda
Funso limene mlimi adzafunse ndi limodzi, a Mbewe: thumba la kompositi lilowa m'malo mwa thumba la feteleza?

aMbewe
Ayi, ndipo lipoti lisalonjeze zimenezo. Tiwerenge. Tani imodzi ya kompositi wa chinyezi cha 35 peresenti ili ndi zouma makilogalamu 650. Tiyerekeze kuti nayitirojeni ndi 1.5 peresenti, ndiye kuti makilogalamu 10. Thumba limodzi la Urea la makilogalamu 50 lili ndi 23. Mukufunika matani oposa awiri kuti mufanane ndi thumba limodzilo, komanso pa nayitirojeni wa mu kompositi ndi gawo laling'ono lokha, mwina 10 mpaka 20 peresenti, limene mbewu imalipeza chaka choyamba. Phindu la kompositi lili pa kusunga chinyezi, kufewetsa nthaka ndi kuthandiza feteleza kugwira ntchito. Poyesa kumunda muike magawo anayi: popanda kanthu, feteleza wokwanira, kompositi yekha, kompositi ndi theka la feteleza. Ogula enieni apafupi ndi a madimba, a nazale za mitengo ndi a maluwa, chifukwa kunyamula matani kupita ku munda wa chimanga wakutali kumadya phindu lonse.

aGama
Poti tafika apa, wina adzakuuzani kuti muphatikizemo manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kumanga m'thumba masiku 21. Ngati mutero, yezani nayitirojeni tsiku loyamba ndi tsiku la 21. Phulusa limakweza pH, kutanthauza kuti limachepetsa asidi, ndipo Urea akakumana ndi pH yokwera pali chinyezi, gawo lina limauluka ngati amoniya. Kuchuluka kwa chotayikacho ndi funso labwino la kafukufuku palokha.

Ku mphutsi nakonso kuli msampha wa mulabu. Mukayeza nayitirojeni ndi njira ya Kjeldahl, chizolowezi ndi kuchulukitsa ndi 6.25 kuti mupeze mapuloteni. Khungu la mphutsi lili ndi chitin, amene ali ndi nayitirojeni koma si puloteni. Ofufuza a ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands mu 2017 anapeza kuti nambala yoyenera mphutsi zathunthu ndi 4.76. Nayitirojeni akakhala 6.4 peresenti, njira yakale ikupatsani mapuloteni 40, inayo 30. Wosakaniza chakudya cha nkhuku akadalira 40 uja, anapiye sakula bwino. Lembani nambala imene mwagwiritsa ntchito, kapena perekani zonse ziwiri.

Yezaninso zitsulo zapoizoni, cadmium ndi lead. Mphutsizi zimaunjika cadmium m'thupi kuposa mmene aliri m'chakudya chawo, choncho batire losweka lisayandikire beseni. Poizoni wa chuku, aflatoxin, kafukufuku anapeza kuti sakhalira m'thupi mwa mphutsi, koma ngati mukuthira gaga wa chuku yezanibe. Pomaliza majeremusi a Salmonella ndi E. coli, musanaviike mphutsi m'madzi owira ndiponso mutaziviika.

aJere
Kuviikako ndi mphindi imodzi kapena ziwiri m'madzi obwadamuka, kenako kuyanika mpaka chinyezi chitatsika pansi pa 10 peresenti. Makilogalamu atatu a zaziwisi amatulutsa pafupifupi imodzi ya zouma. Zoleredwa ndi mango ndi nthochi zimanona mafuta, mapuloteni n'kuchepa, ndipo mafutawo amapangitsa ufa wake kununkha ukakhalitsa. Poyesa pa nkhuku yambani ndi 5 ndi 10 peresenti ya chakudya chonse, kulowa m'malo mwa gawo la soya kapena nsomba. Nkhuku zachikuda zimadya zamoyo, ndiye ngati woweta ali pafupi, mtengo woyanika mwaupewa.

Zotsala mu beseni musazitche manyowa tsiku lokolola. Zimakhala ndi amoniya wambiri. Ziunjikeni milungu itatu kapena inayi, kenako ziyesedwe ndi njere za mpiru monga anenera a Mbewe.

Nabanda
A Jere, tawerengerani gululi kuti tani imodzi patsiku ifuna chiyani, kuti mayiwa aone kukula kwake.

aJere
Makilogalamu 1,000 kugawa ndi 15 ndi mabeseni 67 atsopano tsiku lililonse. Lililonse likhala masiku 12, ndiye mabeseni pafupifupi 800 ali pantchito nthawi imodzi. Timphutsi tofunika ndi 670,000 patsiku. Galamu imodzi ili ndi mazira oposa 30,000, koma si onse amaswa ndi kufika masiku 5, choncho konzekerani magalamu 25 mpaka 30 a mazira tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. Tiyerekeze kuti zamasamba zikupatsani mphutsi 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa zonyowa: makilogalamu 100 mpaka 150 a zaziwisi, zikauma 35 mpaka 50. Chotchinga chachikulu si zinyalala, ndi mazira ndi malo.

aMbewe
N'chifukwa chake ine sindikuona ngati ndi mpikisano wa ziwirizi. Zofewa ndi zokhutitsa, monga zipatso, zotsala za m'malesitilanti ndi matumbo a nsomba, zipite ku mphutsi. Makoko, udzu wolongedzera, misinde ya nthochi ndi zikonyo za kabichi mphutsi sizitha kugaya, zipite ku mulu, pamodzi ndi zotsala za mu mabeseni.

aJere
Pamenepo tikugwirizana, koma gawo la zofewalo likachepa kwambiri pa sikelo, khola la ntchentche silingadzilipire, ndipo lipoti linene choncho mosabisa.

Nabanda
Ndipo zonse ziwiri zimafa ndi majumbo. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) lilipo kuyambira 2015, khoti lalikulu la apilo linaligwiriziza mu 2019, koma mu bini ya pamsika mudzawapezabe. Akalowa mu mulu amang'ambika tizidutswa timene sefa sigwira. Kusankha kuchitikire pa benchi: zidebe ziwiri pa mzere uliwonse wa ogulitsa, cha zowola chichotsedwe tsiku lililonse nthawi yofanana. Ogulitsa akangoona kamodzi zidebe ziwirizo zikukhuthulidwa mu bini imodzi, sadzasankhanso. Yezani kuchuluka kwa majumbo m'chidebe cha zowola mlungu woyamba, wachinayi ndi wachisanu ndi chitatu. Mlungu woyamba aliyense amayesetsa chifukwa mlendo ali pomwepo. Chiwerengero chodalirika ndi chomalizacho. Malipiro a wonyamula zidebe alowe m'masamu, ngakhale pa nthawi ya kafukufuku akunyamula ndi wophunzira mwaulere.

Nachisale
Ndathokoza kwambiri nonse. Ndondomeko ndaikonza motere. Mwezi woyamba zilolezo ndi kuyang'ana amene akutenga kale zotsala. Wachiwiri kuyeza zinyalala masiku 8. Wachitatu kuyamba khola la ntchentche. Wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi kuyesa zakudya zitatu za mphutsi, beseni limodzi pa chakudya chilichonse, pamodzi ndi mulu umodzi waukulu wa kompositi. Kenako labu, kuyezanso zinyalala nyengo ina, ndi kulemba.

aGama
Beseni limodzi silikwanira, achemwali. Mphutsi 50 zotapidwa mu beseni limodzi si kubwereza ka 50, ndi kamodzi. Chakudya chilichonse chikhale ndi mabeseni anayi, muwonjeze chachinayi cha chakudya cha anapiye choyerekezera, onse pamodzi 16. Malo ake pa thandala muwasankhe mwa maere, chifukwa apamwamba ndi a pafupi ndi khomo amatentha mosiyana ndi ena. Timphutsi tonse tichokere ku mazira a tsiku limodzi. Kompositi nayenso milu itatu yaing'ono yofika muyeso iposa umodzi waukulu. Sikelo muziiyesa m'mawa uliwonse ndi chigubu cha madzi cholemera modziwika.

aJere
Khola la ntchentche lisadikire mwezi wachitatu, liyambe mlungu woyamba, silifuna zinyalala za kumsika. Kuchokera dzira kufika dzira lina ndi milungu pafupifupi 6, ndipo mufunika mibadwo iwiri musanakhale ndi timphutsi 160,000 ta tsiku limodzi tokwanira mabeseni 16. Ngati mazira akuvuta, chepetsani: mabeseni atheka la kukulako, timphutsi 5,000 ndi makilogalamu 7.5 lililonse. Sungani 2 mpaka 5 peresenti ya timphutsi kuti tikule tikhale mbewu, ndipo zikayamba kuda muziike pa utuchi wouma pamdima milungu iwiri kapena itatu mpaka zitauluka. Miyezi yoyesa mabeseni isagwere mu Juni ndi Julaye, pokhapokha ngati kuzizirako ndi kumene mukufuna kuyeza.